Kope la msonkhamsonkha lalowa m'foni

Pamaliro a kumudzi, mwambo ukamayandikira kumapeto, pamaimirira munthu atagwira kope n'kuyamba kuwerenga. A uje apereka K500. Amayi a kumpingo abweretsa lichero la ufa. Anyamata a kabaza a pasiteji asonkha K3,000. Gogo wina, amene mudzi wonse ukudziwa kuti dzulo wagonera madzi, wabwera ndi mtolo wa nkhuni, ndipo dzina lake likutchulidwa mokweza chimodzimodzi ndi la mwini golosale amene wagula bokosi. Palibe amaseka K500 ija. Dzuwa likamapendeka mupeza kuti khamu lonse ladya, adzukulu alandira nsima yawo kumanda, galimoto imene inanyamula thupi yalipidwa, ndipo namfedwa watsala ndi kangachepe koyambira mawa. Zonsezi zachitika popanda bungwe, popanda ofesi, popanda mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja.

Nanga zimatheka bwanji kuti anthu omwewa, nkhani ikafika pa zachifundo, timadziika kumbali ya olandira? Mvetserani wailesi tsiku lililonse. Denga la sukulu lasasuka ndi mphepo, mwana wasankhidwa kupita kusekondale koma alibe fizi, mlatho wakokoloka, ndipo mawu otsekera amakhala amodzimodzi: tikupempha akufuna kwabwino. M'mutu mwathu akufuna kwabwinowo ali ndi nkhope yawo. Amabwera pagalimoto yoyera yolembedwa m'mbali, amanyamula cheke chachikulu ngati chitseko, amajambulitsa, amapita. Ife timaomba m'manja n'kuvina. Abale anga, ndalemba izi kuti ndikuuzeni kuti wakufuna kwabwino amene wailesi ikumuitana uja ndi inuyo, ndipo chida chake chili kale m'thumba mwanu kapena pamfundo ya chitenje chanu.

Chithunzi cha mpondamatiki wachifundo chili ndi kumene chinachokera. M'chaka cha 1889 Andrew Carnegie, amene analemera ndi mafakitale a zitsulo ku America, analemba kuti munthu wolemera ayenera kugawa chuma chake akadali moyo, ndipo ndalama zake zinamanga malaibulale oposa 2,500. Banja la Rockefeller linakhazikitsa thumba lake mu 1913, la Ford mu 1936. Masiku athu ano Bill Gates ndi Warren Buffett anayambitsa mu 2010 pangano loti anzawo olemera kwambiri alonjeze kupereka zoposa theka la chuma chawo. Ntchito anagwira, sindikutsutsa. Koma njira yawo ndi ya mtsinje wotsika kuchokera kuphiri: ochepa ali pamwamba amasankha kumene madzi apite, ochuluka ali m'munsi amadikira ndi zidebe.

Pali mbiri ina imene sitiuzidwa kawirikawiri. Mu 1885 chifanizo chotchuka cha Statue of Liberty chinali chitasulidwa kale ku France ngati mphatso kwa anthu a ku America, koma ku New York kunalibe ndalama zomalizira nsanja yochiimikapo. Nyumba ya malamulo ya dzikolo sinavomere kupereka ndalama. Bwanamkubwa wa chigawo cha New York, Grover Cleveland, anali atakana kale kusaina lamulo lopereka madola 50,000. Olemera a mumzindawo anapinda manja. Pamenepo Joseph Pulitzer, mwini nyuzipepala ya New York World, yemwe anabwera m'dzikolo ali mnyamata wosauka kuchokera ku Hungary, anatembenukira kwa owerenga ake. Analonjeza chinthu chimodzi chokha: aliyense wopereka, ngakhale kakobiri kamodzi, dzina lake lisindikizidwa munyuzipepala. Ndalama zinayamba kufika m'maenivelopu. Ana a sukulu ya mkaka mumzinda wa Davenport, ku Iowa, anatumiza dola imodzi ndi masenti 35. M'miyezi isanu anthu oposa 120,000 anasonkha madola oposa 100,000, ndipo ambiri mwa iwo anapereka zosakwana dola imodzi. Mu Okutobala 1886 chifanizo chija chinaima, ndipo chikuimabe.

Mwaiona nzeru ya Pulitzer? Ndi kope la pamaliro lija. Munthu akadziwa kuti kangachepe kake kalembedwa, kaoneka, ndipo kaphatikizidwa ndi ka mnzake, manyazi amamuchoka. Chimene chimatseka dzanja la wosauka nthawi zambiri ndi mantha oti amuseka kapena kuti kake kasowera m'thumba la wina, pomwe mtima wopatsa ali nawo kale.

Nkhani yachiwiri inafika mpaka pakamwa pa ana athu. Mu 1938 Pulezidenti Franklin Roosevelt, amene iye mwini anali wopuwala miyendo, anakhazikitsa bungwe lolimbana ndi poliyo. Anthu anapemphedwa kutumiza kandalama kachitsulo ka masenti khumi, kotchedwa dime, ku White House, ndipo m'masabata ochepa tindalama toposa mamiliyoni awiri tinadzaza matumba a makalata. Dzina loti March of Dimes linachokera pamenepo. Ndalama za mtundu umenewu, chaka ndi chaka, zinalipira kafukufuku wa Jonas Salk, amene katemera wake analengezedwa mu 1955, komanso wa Albert Sabin, mwini katemera wodonthezera mkamwa. Poliyo atapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu 2022, alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana athu katemera. M'timadontho timeneto munali thukuta la amayi ochapa zovala ndi ana a sukulu a zaka 80 zapitazo, amene sanamvepo n'komwe dzina la Nyasaland.

Ngati kupereka pang'ono kuli ndi mphamvu chotere, n'chifukwa chiyani kunakhala kosowa? Yankho ndi mtengo wa ulendo. Kuti K1,000 yanu ifike kwa wovutika ku Nsanje inu muli ku Mzimba, minibasi yokha inkadya zoposa mphatsoyo. Banki inkafuna mafomu ndi mzere wa theka la tsiku. Bungwe nalo silikanalemba kalaliki woti azilemba malisiti a timakobiri. Pulitzer anatha chifukwa anali ndi nyuzipepala, Roosevelt chifukwa anali ndi wailesi ndi positi ofesi ya dziko lonse. Munthu wamba analibe zonsezi.

Intaneti ndi foni ya m'manja zinagwetsa mpanda umenewo. M'chaka cha 2000 mphunzitsi wina wa ku Bronx, Charles Best, anatsegula DonorsChoose, pomwe aphunzitsi amalemba zimene kalasi yawo ikusowa ndipo aliyense amasankha chimene alipire. Mu 2005 Jessica Jackley ndi Matt Flannery anayambitsa Kiva, yolola munthu kubwereketsa madola 25 okha kwa wochita geni kudziko lina, ndipo oyamba kulandira anali amalonda ang'onoang'ono a ku Uganda. Ngongole zodutsa pamenepo zinapitirira madola biliyoni imodzi mu 2017. Chivomerezi chitagwedeza Haiti mu Januwale 2010, anthu a ku America ankangotumiza uthenga wa pafoni wa liwu limodzi, madola khumi n'kuchoka, ndipo bungwe la Red Cross linalandira madola oposa 30 miliyoni mwa njira imeneyo. Mu Epulo 2020 Captain Tom Moore, nkhalamba ya zaka 99 ya ku England, anati ayenda maulendo 100 m'bwalo la nyumba yake atagwira choyendera, kuti apeze mapaundi 1,000 othandizira ogwira ntchito m'zipatala. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka anapereka, ndipo ndalama zinapitirira mapaundi 32 miliyoni.

Wina anena kuti amenewo ndi azungu, ali nazo zambiri. Chabwino, tiyeni ku Kenya. Mu 2011 chilala chinakantha kumpoto kwa dzikolo, makamaka ku Turkana. Kampani ya Safaricom, banki ya KCB, Red Cross ya m'dzikolo ndi nyumba zoulutsa nkhani anayambitsa msonkhamsonkha wotchedwa Kenyans for Kenya. Wopereka ankatha kutumiza ngakhale mashilingi khumi pa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni imene inali itangotha zaka zinayi. Oyendetsa matatu, ogulitsa masamba, alonda ndi ana a sukulu anatumiza, makampani nawo anaonjezera, ndipo m'masabata ochepa ndalama zinadutsa mashilingi 500 miliyoni. Anthu a ku Kenya ali ndi mwambo wawo wakale wosonkherana umene amautcha harambee. Sanaphunzire kupatsa kwa M-Pesa. Anangopeza msewu wachidule.

Ifenso tinachitapo, ndipo tisamaiwale msanga. Januwale wa 2021 anali mwezi wa misozi. Covid-19 inabweranso mwaukali, nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo m'zipatala zikuluzikulu odwala ankabanika chifukwa chosowa mpweya. Penapake silinda ya mpweya inalipo koma kachipangizo kolumikizira silindayo kwa wodwala kanalibe. Mlembi Stanley Onjezani Kenani, ali kunja kwa dziko, analemba pa Facebook kuti tisonkhe tigule zipangizozi. Amalawi anayankha. Wina K1,000 pa Airtel Money, wina K5,000 pa Mpamba, wina kudzera kubanki, a ku Joni ndi a ku Mangalande nawo anatumiza zawo, mpaka ndalama zinafika mamiliyoni ochuluka. Zipangizo zinagulidwa n'kukafika m'mawodi anthu akuona.

Chimene chinatsegula matumba a anthu nthawi imeneyo ndi kope lomwe lija. Kenani ndi anzake ankaika poyera ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka, chimene chagulidwa ndi kumene chapita. M'dziko limene makutu athu anazolowera nkhani za ndalama zosowa, munthu wowerenga kope mokweza anali ngati mvula ya chizimalupsa. Anthu ankapereka lero, mawa n'kuona lisiti, mkuja n'kuperekanso. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023 n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, magulu a pa WhatsApp a mipingo, a ophunzira akale ndi a ogwira ntchito limodzi anali atayamba kale kusonkha ufa, zofunda ndi zidebe pomwe thandizo lalikulu linali likadali m'njira.

Tsono nthawi yasintha, ndipo yasintha mosatinyengerera. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID, limene linakhalapo kuyambira 1961, linali litatsekedwa. Britain inatsitsa gawo la chuma chake lopita ku thandizo mu 2021, n'kulengezanso mu 2025 kuti itsitsa kachiwiri. Galimoto zoyera zija zikuchepa pamsewu. Sindikunamizani kuti K1,000 yanga ndi yanu zigula ma ARV a dziko lonse kapena kulipira anamwino. Imeneyo ndi ntchito ya boma ndi misonkho yathu, ndipo tiyenera kulikakamiza boma kuti liigwire. Koma pakati pa bajeti ya dziko ndi khomo la munthu pali mpata waukulu mmene mumagwera anthu tsiku ndi tsiku: mtsikana wosiya Fomu 3 chifukwa cha fizi ya teremu imodzi, mjigo woima miyezi isanu chifukwa cha kachitsulo kamodzi, wodwala wolephera kufika ku Queens chifukwa cha thiransipoti, sukulu ya mkombaphala yopanda mapoto. Mumpata umenewo ndalama yaing'ono ndiyo mfumu, chifukwa imafika lero, siidikira msonkhano wa kuhotela ya kunyanja.

Ngakhale opereka akuluakulu ayamba kuphunzira kwa ang'onoang'ono. Bungwe la GiveDirectly, limene likugwiranso ntchito kuno kwathu, limatumiza ndalama molunjika pafoni ya munthu wosauka kuti asankhe yekha chochita nazo, kaya malata, kaya mbuzi, kaya fizi. MacKenzie Scott wakhala akupereka mabiliyoni a madola kuyambira 2020 kumabungwe popanda kuwalamula mmene awonongere. Zimene akuzitcha njira yatsopanozi ndi zimene azakhali anu amachita akamakupatsirani ndalama m'manja pachipatala osafunsa kuti mugula chiyani.

Ndikudziwa mawu amene ali pakamwa panu: ine ndilibe. Zoona, zinthu zakwera, ndipo pali ena amene lero alibiretu ngakhale ya mchere. Amenewo sindikuwaimba mlandu, mawa ndi tsiku lawo. Koma ife amene tikuwerenga nkhani ino pafoni, tagula bandulo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Gulu la pa WhatsApp la amene munaphunzira nawo sekondale lili ndi anthu 200, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutumizirana nthabwala ndi kukangana za Bullets ndi Wanderers. Aliyense atati azichotsa K2,000 pamwezi, ndiye K400,000 mwezi uliwonse, K4.8 miliyoni pachaka. Pitani mukafunse ahedi a sukulu imene inakuphunzitsaniyo kuti ndi ana angati amene ndalama imeneyo ingawabweze m'kalasi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akale, ndipo iwo ankanena asanaone foni yotha kumanga mtolowo m'mphindi imodzi.

Mawu achiwiri ndi akuti: akuba achuluka. Apanso simukunama. Alipo ojambula mwana wa eni ali pabedi la chipatala n'kuika nambala yawo pansi pake. Alipo oyamba bwino, ndalama zikachuluka foni n'kuzima. Ineyo ndinatumizapo kangachepe nditaona chithunzi chomvetsa chisoni, patapita miyezi n'kuchionanso chithunzi chomwecho chili ndi dzina lina ndi matenda ena. Zinandiwawa, ndipo kwa kanthawi dzanja langa linauma. Kenako ndinadzifunsa ngati ndinasiya kupita kumsika tsiku limene anandigulitsa tomato woola. Mankhwala a wakuba ndi kope. Musanatumize, onani dzina limene likutuluka pafoni ngati likugwirizana ndi la wopemphayo. Funsani kuti ndani wina akumudziwa, kaya abusa, kaya shehe, kaya amfumu, kaya adokotala a pawodipo. Funsani kuti zikufunika zingati ndipo zapezeka zingati. Woona mtima sakwiya ndi mafunso otere, amakondwera nawo. Amene wayamba kukunenani kuti mulibe chifundo chifukwa mwafunsa lisiti, musiyeni apite.

Ndipo inu amene mukusonkhetsa, kaya ndinu mlembi wa gulu kaya mwangodzipereka, dziwani kuti mwanyamula mbale ya mudzi wonse. Mukaiswa, amene adzapemphe mawa moona adzapeza zitseko zotseka. Musasakanize ndalama za odwala ndi za ndiwo zanu munambala imodzi. Muzikhala awiri kapena atatu oona ndalamazo. Madzulo alionse lembani pagulu zimene zalowa, ndipo wa K200 mumulembe ndi ulemu womwewo umene mwalembera wa K200,000. Zikakwana nenani kuti zakwana, anthu asiye kutumiza. Wodwala akachira tiuzeni, akatisiya tiuzeninso, pakuti amene anapereka wasanduka mbale.

Pali chinthu china chimene chimandisowetsa mtendere, ndipo ndichinene ngakhale chikuwawa. Msonkhamsonkha wa pa intaneti uli ndi tsankho lake. Umakonda wodziwa kulemba bwino, wokhala ndi chithunzi chogwira mtima, wokhala ndi msuweni ku London woti amutsegulire tsamba la GoFundMe, poti tsambalo silola munthu kusonkhetsa ali ku Malawi. Gogo wa ku Chididi amene alibe foni, amene sadziwa munthu wotchuka aliyense, sadzaonekera pa Facebook ngakhale vuto lake litakula chotani. Choncho musamangodikira kuti chithunzi chikulizeni ndiye mupereke. Khalani inu maso a amene saoneka. Mukapita kumudzi funsani kuti ndani wagona ndi njala, ndi mwana uti wasiya sukulu, ndipo mukabwerera m'tauni mukhale pakamwa pawo, mutawapempha kaye chilolezo. Umphawi wa munthu si chionetsero. Mutha kupempha thandizo popanda kuyanika nkhope ya mwana wake padziko lonse.

Komanso tisakhale anthu odzuka pokhapokha pagwa maliro. Ife ndife akatswiri ogula bokosi. Achibale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town amasonkha ndalama zambiri m'masiku atatu kuti thupi la mnzawo likwere galimoto kubwerera kumudzi, ndipo ndi chinthu cholemekezeka. Koma munthu yemweyo ali moyo, akutsokomola m'kachipinda kake, ndi angati anatumiza ya mankhwala? Paukwati timaponya ndalama m'lichero pa pelekanipelekani mpaka thukuta, nyimbo ikulira. Mphamvu yomweyo itapita kwa wamoyo amene akufuna opaleshoni, kapena kwa mtsikana amene wakhoza mayeso a MSCE koma akugulitsa mandasi poti yunivesite yamukanika, tikanalira maliro ochepa ndi kuvina maukwati ambiri.

Dzukani tsono, inu aphunzitsi, inu anamwino, inu a kabaza, inu amayi a banki m'khonde amene mumadziwa kale kusunga kope kuposa akalaliki a m'maofesi. Inu achinyamata amene zala zanu zimathamanga pafoni ngati mphenzi, luso limenelo ligwireni ntchito: tsegulani gulu, lembani bwino nkhani ya wovutika, phunzitsani agogo kutumiza ndi kulandira. Inu a kunja, musatope nafe, koma muzitifunsa malisiti. Musayembekeze kudzalemera kaye, poti Carnegie anali mmodzi, pomwe amene anaimika chifanizo chija ku New York anali chikhamu cha anthu a masenti.

Malipiro a mwezi uno akangolowa, kapena geni ya lero ikangotha, musanagule bandulo, sankhani chinthu chimodzi chimene mukuchidziwa bwino. Mwina ndi sukulu ya pulaimale imene munaphunzirako kulemba dzina lanu, mwina ndi mjigo wa kwanu, mwina ndi mwana wa malemu mnzanu. Imbirani munthu wokhulupirika kumeneko mumufunse chimene chikusowa ndi mtengo wake. Tumizani imene mungathe, ngakhale K500. Mukatero lembani pagulu lanu kuti ine ndayamba ndi iyi, chikufunika ndi chakuti, ndani akuonjezera? Ikani chizindikiro pakalendala kuti mwezi wamawa tsiku ngati lomweli mudzatumizenso, ndipo mugule kope pagolosale, mulembe dzina lanu pamzere woyamba, mizere inayo muisiyire anzanu.